Kamisolo wa Lusiya

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene nkhope yanga imasinthira mukatchula Mayi Lusiya Nandau, chonsecho mwezi sutha ndisanapite kukawaona. Ndalemba mutu uwu kuti mumve kwa ine mwini, osati kwa anthu a pamsika. Za ubwana wanga ndazidumpha. Ndiyambira tsiku limene ndinalandira makiyi a ntchito.

Mlangeni, 1995 mpaka 1999

Mpingo wathu unali ndi nthambi yophunzitsa amayi kusoka, ndipo unandilemba ntchito ya uphunzitsi patatha chaka chimodzi chilowereni matipate. Ananditumiza ku Mlangeni. Ndinapeza kachipinda kuseri kwa tchalitchi, benchi imodzi ndi makina atatu opalasa ndi mapazi, amodzi mwa iwo akufa. Bwana wanga anali Mayi Kachale, mayi wamfupi wosadziwa kukhala pansi. Ankakhala ku boma, nkumabwera kamodzi pa miyezi itatu. Tsiku loyamba anandiuza kuti, "Anangozo, singano ikathyoka musandilembere kalata. Ganizani nokha." Ndinaphunzira kunola singano pa mwala.

Nthawi imeneyo kaunjika anali atasefukira m'misika. Amayi anasiya kusoketsa madiresi, ndipo ophunzira anga anayamba kutha mmodzimmodzi. Amene ankabwera ankangobweretsa za pakaunjika kuti ndiwabwezere. Zambiri zinali makamisolo, atawakulunga m'nsalu ngati chinthu choba. Kagulidwe kake kanali komvetsa chisoni. Pamsika pali amuna, ndiye mayi sangayese. Ena ankalowetsa chibakera m'kapu molowa bere, ena ankangouyika pamwamba pa bulauzi mwachangu nkulipira. Akafika kunyumba ndiye aone kuti wathina kapena wakhwepa.

Tsiku lina kunabwera Anajere, mayi wamkulu thupi, wolima kachewere. Atavula bulauzi ndinaona mapewa awo atadulika mizere iwiri yakuya, ina itasanduka zilonda. Anati msana unkawapweteka chaka chonse ndipo ankayesa ndi khasu. Ndinatenga tepi yanga yosokera madiresi nkuwayeza, ndipo kuyambira pamenepo ndinayamba kuyeza mayi aliyense nkumalemba m'kope, kenaka nkumafananiza ndi manambala olembedwa pa makamisolo. Zinanditengera zaka ziwiri kuti ndimvetse. Palibe anandiphunzitsa, ndipo ichi muchisunge.

Zimene ndinapeza ndi izi. Umayeza kawiri. Koyamba tepi idutse pansi pa mabere, yogwira thupi, mayi atatulutsa mpweya. Nambala imeneyo ndi ya lamba wozungulira. Kachiwiri idutse pamene mabere atukuka kwambiri, osaikoka. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndiko kumakuuza kukula kwa kapu. Koma tepi imangokufikitsa pakhomo, chenicheni ndi kuvala. Mayi awerame pang'ono kuti mabere akhale m'malo mwake, akole pa ngowe yakumapeto ngati kamisolo ndi watsopano, kuti akadzatamuka adzasunthire m'kati. Lamba kumsana akhale mowongoka, asakwere kukhosi, ndipo zala ziwiri zizilowa pansi pake, osati dzanja lonse. Kansalu ka pakati kagone pachifuwa. Bere lisatumphukire pamwamba kapena kukhwapa, kapu isachite makwinya. Katundu amanyamula ndi lamba, zingwe za m'mapewa zimangothandiza. Amayi ambiri ankavala lamba wamkulu ndi kapu yaing'ono, nkumafupikitsa zingwe mpaka kudzicheka. Anajere nditawakonzera wawo anakweza manja, nkuwatsitsa, nkuseka ngati mtsikana.

Lusiya anabwera mu 1997. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, atasiyira sukulu fomu 2, zala zake zitang'ambika ndi chisanu cha kudimba. Kusoka kwake kunali kokhota, ndipo mpaka lero mzere wake suwongoka ngati wanga. Koma anali ndi pakamwa. Mayi wamanyazi amene ine ndinkalimbana naye kuti avule, Lusiya ankangomufunsa za ana ake, nkumuseketsa, bulauzi ili kale pamsomali. Ndinamuphunzitsa zonse, osabisa kanthu. Ankanditchula kuti aphunzitsi, ine nkumati iwe.

Manjawira, 2000 mpaka 2004

Mayi Kachale ataona kuti amayi akubwera chifukwa cha makamisolo, anatsegula kashopu ka mpingo pa Manjawira, pafupi ndi msika, nkutisamutsira konko tonse awiri. Tinkagula belo la kaunjika, kusankha, kuchapa, kukonza, nkuika katani pakona kuti mayi ayese mosaopa maso. Chaka cha njala chija cha 2002 chinatipeza kumeneko. Amayi anaonda mpaka makamisolo awo ankangolendewera, ndipo amene ankabwera ankafuna kubwezeredwa basi. Lastiki anasowa, ngowe zinasowa. Tinkadula ngowe pa makamisolo otha nkuzisokerera pa ena, ndipo ulusi tinkausolola m'nsalu zakale.

Nsanje yanga inayamba ndi mawu ang'onoang'ono. Mayi ankalowa, ine nkuimirira ndi tepi m'khosi, iye nkusuzumira kumbuyo kwanga.

"A Lusiya alipo?"

"Apita kukatunga madzi. Bwerani ndikuyezeni."

"Ayi, ndidikira."

Ndipo ankadikiradi, pabenchi, ine ndili chiimire. Poyamba ndinkaseka. Kenaka ndinayamba kuwerenga odikirawo. Ndinayamba kumupezera zifukwa mwana uja: wachedwa, waseka mokweza, wasoka mokhota. Tsiku lina ndinaphwasula msoko wake pamaso pa kasitomala. Iye anangoti, "Pepani aphunzitsi," nkuyambiranso. Kufatsa kwakeko kunkandiwawa kuposa akanandiyankha mwano.

Mu 2004 kunabwera mwayi wa maphunziro a miyezi itatu ku Blantyre, malo a munthu mmodzi. Ndinali nditachapa kale sutikesi. Mayi Kachale anandiitanira panja, pansi pa mtengo wa keshya.

"Anangozo, kukapita Lusiya."

"Amayi, ndalakwa chiyani?"

"Simunalakwe. Inu muli ndi ana anayi, miyezi itatu ndi yambiri. Komanso iyeyu anthu amamumasukira."

"Zimene akudziwazo anaziphunzira kuti?"

"Ndikudziwa. Koma manja muli nawo inu, anthu ali nawo ndi iye."

Lusiya anabwerako ndi setifiketi ya m'galasi, nkuipachika pakhoma. Anandiuza yekha, mosabisa, kuti kumeneko sanamve chachilendo, zonse zinali za m'kope langa. Koma pepala linali ndi dzina lake. Mwezi wotsatira anamuika kukhala woyang'anira shopu, ine nkunditumiza ku Kasinje kukatsegula nthambi. Ankati andikweza. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kumutchula kuti inu, ndipo lilime linkandilemera.

Kasinje, 2005 mpaka 2008

Ku Kasinje ndi kuchigwa, kotentha, ndipo amayi ake amakhala chowerama m'minda ya mpunga tsiku lonse. Makamisolo a nayiloni ankawatulutsa zidzolo, ndiye ndinayamba kusoka anga a nsalu ya thonje, a zingwe zazikulu, ena otsegula kutsogolo a amayi oyamwitsa. Inali ntchito yabwino koposa imene ndinagwirapo. Bambo anu anapeza kamunda, inu munalowa sukulu, sitinkagona ndi njala. Ndikanatha kukhala wokondwa.

Koma mbiri inali itanditsogolera. Mayi wina nditamuyeza bwinobwino anati, "Eee, mukuyezatu ngati a Lusiya a pa Manjawira. Anakuphunzitsani ndi iwo eti?" Pamisonkhano ya amayi ankangoti "kayezedwe ka a Lusiya." Iye akamva ankakonza, nkunena kuti anaphunzira kwa Anangozo, koma anthu ankati ndi kudzichepetsa, nkumukonderanso pamenepo. Ine ndikanena ndekha, ndinkaoneka wodzitama. Ndinafika poti ndikamva kuti shopu ya ku Manjawira yadontha ndi mvula, mtima unkakhala pansi. Ndinkaimba kwaya Lamulungu ndili ndi zimenezi m'mimba, ndipo anthu ankazidziwa. Nsanje siibisika kwa amayi anzako.

Pafupi ndi ife panali chipatala chaching'ono. Namwino wina wachikulire wa pamenepo, poona kuti ndimagwira matupi a amayi ambiri, anandiphunzitsa zoyenera kuona: chotupa cholimba chosapweteka, khungu lochita timaenje ngati khoko la lalanje, nsonga ya bere yolowa m'kati. Anati ndikaona zotere ndizimutumizira munthuyo msanga, chifukwa matenda amenewo sadikira. Ndinatumizako amayi angapo.

Okutobala 2008

Kunakonzedwa msonkhano waukulu wa amayi a mpingo ku Lilongwe, ndipo Lusiya anasankhidwa kukaphunzitsa. Mayi Kachale anandiuza kuti, "Akalephera iyeyo, mudzapita ndinu." Kutatsala masabata awiri, Lachiwiri masana, ndinangoona Lusiya watsika minibasi, thukuta lili kamukamu, atanyamula kachewere m'kathumba ngati mphatso.

"Aphunzitsi, ndabwera mundiyeze. Ndikufuna kamisolo wa manja anu wokavala ku Lilongwe."

"Inu a setifiketi mukusowa wokuyezani?"

"Munthu sadziyeza yekha molondola. Munandiuza ndinu."

Tinalowa kuseri kwa katani. Ndinayeza pansi, nkulemba. Ndinayeza pamwamba, nkulemba. Ndinamuveka kamisolo woyesera, ndipo bere lakumanzere silinkakhala bwino m'kapu. Polikonza ndi dzanja, zala zanga zinagunda chinthu cholimba cha kufupi ndi kukhwapa, chachikulu ngati dzira la nkhunda, chosasuntha. Khungu la pamenepo linali ndi timaenje. Manja anga anaima.

Ana anga, apa ndi pamene ndikufuna muwerenge pang'onopang'ono. Ganizo loyamba limene linabwera m'mutu mwanga silinali chisoni. Linali lakuti: ulendo wa ku Lilongwe ndi wanga. Linabwera lokha, ndipo linali lokoma. Lachiwiri linali mantha. Aliyense ankadziwa mtima wanga pa Lusiya. Ndikanena, anthu adzati ndapeka kuti ndimulande ulendo. Zikapezeka zoona, adzati anapita ku Kasinje ali bwinobwino, Anangozo anamugwira bere, nkubwerako ndi chotupa. Inu mukudziwa dzina limene amapatsa mayi wotero kumudzi, ndi zimene zimachitikira ana ake.

"Zili bwanji, aphunzitsi?" anafunsa, akuyang'ana kukhoma.

"Zili bwino. Valani. Ndidzakutumizirani Loweruka la mawa."

Ndinamuperekeza pa siteji, nkumukweza minibasi, nkubwerera kukadula nsalu.

Ndinakhala chete masiku asanu ndi anayi. Ndinkadziuza kuti mwina ndi mkaka wouma, poti mwana wake anali atangosiya kuyamwa. Ndinkadziuza kuti ali ndi mwamuna, aona yekha. Ndinkati ndidzanena akabwerako ku Lilongwe, kuti pasakhale wondinena. Kamisolo ndinamusoka, wokongola, wa nsalu yoyera, koma kapu yakumanzere ndinaiphwasula katatu. Tsiku lachisanu ndi chinayi m'mawa bambo anu anali pakhonde akumata chubu cha njinga. Anandiitana.

"Make Maliya, phala munathira mchere kawiri dzulo, lero simunathire. Chavuta n'chiyani?"

Ndinawauza zonse, kupatula ganizo loyamba lija. Anapitiriza kupaka guluu, osadzutsa mutu.

"Anthu adzanena, zimenezo n'zoona," anatero. "Koma akanakhala Maliya wanuyu, wina wamupeza nacho, mukanafuna adikire masiku angati?"

Ndinavala chitenje, kutenga kamisolo uja, nkukakwera galimoto.

Ndinafika pa Manjawira dzuwa lili pamutu. Shopu inali yodzaza, amayi pabenchi akudikira a Lusiya awo. Ndinakhala kumapeto kwa benchi ngati kasitomala. Atatha onse ndinatseka chitseko ndekha.

"Lusiya, khala pansi," ndinatero, ndipo ndinazindikira kuti ndabwerera ku iwe. "Tsiku lija ndinakunamiza. Bere lakumanzere lili ndi chotupa. Sindikudziwa kuti n'chiyani, koma si choti n'kupita nacho ku Lilongwe. Mawa tipite kuchipatala."

Sanalire. Anapinda tepi yake bwinobwino, nkuiika m'kabati.

"Mundiperekeza?"

"Ndikuperekeza."

Ku chipatala cha ku boma anamutumiza ku Blantyre, ndipo kumeneko anati ndi khansa. Anachotsa bere lonse.

Ku Lilongwe ndinapita ine. Ndinali nditaulakalaka ulendo wotere zaka zambiri, ndipo wotsogolera mwambo pondiitana anati, "Tilandire mayi amene abwera m'malo mwa Mayi Lusiya, kudzationetsa kayezedwe kawo." Ndinaphunzitsa, anaomba m'manja, nkunditumiza ndi moni kwa Lusiya. Nditabwerera ku Kasinje ndinapeza zimene ndinkaopa zija zitafika kale. Miyezi inayi palibe mayi analowa kuseri kwa katani yanga. Pachitsime ndikafika nkhani zinkatha. Maliya, ukukumbukira tsiku unabwera kusukulu ukulira, osafuna kunena chimene anzako anakuuza. Mayi Kachale anabwera, ndipo kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni anakhala pansi.

"Anangozo, ndikufunseni kamodzi kokha. Munaona liti?"

"Tsiku limene anabwera."

"Munanena liti?"

"Patapita masiku asanu ndi anayi."

Anandiyang'ana, nkutola chikwama chawo. Sanandidzudzule, ndipo sanadzandiitanenso ku msonkhano uliwonse mpaka anapuma ntchito.

2009

Chilonda chitapola, Lusiya anabweranso ku Kasinje, ataonda, duku litaphimba mutu wothothoka tsitsi ndi mankhwala. Anatsikira dala pamsika, tsiku la msika, nkuyenda pang'onopang'ono mpaka kushopu kwanga kuti aliyense aone kumene akulowa. Anali ataika sokosi mbali yopanda bere, ndipo inkakwera kukhosi akakweza dzanja.

Kamisolo wa mayi wochotsedwa bere ndinali ndisanasokepo. Ndinapanga lamba wotambalala kuti asakhudze chipsera, nkusoka kathumba m'kati mwa kapu yakumanzere. Thonje lokha linkapepuka, phewa limodzi nkumakwera. Ndinasakaniza ndi mpunga wouma, kuthira pang'ono, kuchotsa pang'ono, iye ataimirira, mpaka mapewa analingana. Anavala bulauzi nkudziyang'ana pagalasi nthawi yaitali.

Pamenepo ndinamuuza. Ndinamuuza za masiku aja, ndi za ganizo limene ndinabisira ngakhale bambo anu. Ndinayembekeza kuti avula kamisolo nkundiponyera.

"Ndinkadziwa, aphunzitsi," anatero, akumanga mabatani. "Chotupacho ndinachimva ndekha mwezi wathunthu ndisanabwere. Ndinauza amayi anga, anati ndi mkaka. Ndinauza amuna anga, anati ndisadziopseze. Onse ondikonda ankandiuza zimene ndinkafuna kumva. Ndinati ndipite kwa munthu amene sanandinyengererepo chiyambire."

"Ndiye ndinakunamiza."

"Manja anu sananame. Anaima. Ndinadziwa pomwepo."

"Nanga bwanji sunapite kuchipatala wekha?"

"Ndinkaopa. Komanso ndinkafuna ndione ngati mubwere. Ndinkawerenga masiku."

"Ndikanapanda kubwera?"

Anamanga batani lomaliza. Lusiya sayankha mothamanga.

"Ndikanapita ndekha, mwina mochedwa. Koma pakhomo pano sindikanapondanso."

2015

Ndinapuma ntchito nditatha zaka makumi awiri. Anandipatsa nsalu ndi ndowa. Lusiya ali moyo, ndipo lero ndi iye amene anakhala pampando wa Mayi Kachale. Amayi ochotsedwa bere amachokera kutali kudzafuna kamisolo wa kathumba, ndipo amamutchula dzina la Lusiya, poti anayamba kumuona pa thupi lake. Ndikanakonda kukuuzani kuti sizindiwawanso, koma ndinalonjeza kulemba zoona. Zimandiwawa. Ndikamapita kukamuona, m'minibasi ndimakhala ndikukangana naye mumtima, ndipo ndikafika amandilandira ndi manja awiri nkunditchula kuti aphunzitsi.

Madokotala anamuuza kuti anafika nthawi ikanalipo. Sananene kuti inali itatsala yochuluka bwanji, ndipo ine sindinafunse. Chaka chilichonse akapita kukapimidwa ku Blantyre, sindigwira singano kapena kudya bwino mpaka foni ilire. Ikalira amangoti, "Aphunzitsi, ati ndibwerenso chaka chamawa." Ndimati chabwino, nkumufunsa ngati lamba sanatamuke.